Funsani Dokotala: Mphamvu ya magalasi a mwana wanga ikukwera chaka ndi chaka

Funso: Adokotala, ndine mayi wa ku Linthipe kuno ku Dedza. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 9. Chaka chatha aphunzitsi ake anandiitanitsa chifukwa ankafinya maso akamayang'ana pa bolodi, ndipo kuchipatala anamulembera magalasi a -1.50. Mwezi watha tapimitsanso, akuti tsopano ndi -2.50. Apongozi anga akuti magalasiwo ndiwo akumumaliza maso, ndimuvule. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg akuti kumeneko ana amavala ma contact lens oletsa vutoli kukula, ndipo akufuna atitumizire. Ndimvere ndani?

Yankho: Mayi, mwanayo musamuvule magalasi. Apongozi akulankhula chifukwa chokonda mdzukulu wawo, koma chimene chikukweza mphamvuyo si magalasi. Diso la mwana wanu likutalika mopitirira, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Diso la munthu wamkulu limakhala pafupifupi mamilimita 24, ndipo likangowonjezera milimita imodzi, mphamvu ya magalasi imakwera ndi pafupifupi -2.50 kapena -3.00. Chithunzi cha zinthu zakutali chimagwera kutsogolo, chisanafike pa retina, kansalu ka kumbuyo kwa diso kamene timaonera. N'chifukwa chake buku amaliwerenga bwinobwino koma bolodi amaliona mwachimbuuzi. Kutalikaku kumathamanga mwana akadali wamng'ono, kumadzachepa akamayandikira zaka 20, avale magalasi kapena asavale. Mukamuvula, diso lipitiriza kutalika, kusiyana kwake n'kwakuti atsalira m'kalasi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi komwe mphamvuyo ikathere. Munthu akafika pa -6.00 kapena kupitirira apo, retina imakhala itakokeka n'kupyapyala, ndiye akakula amakhala pachiopsezo choti ing'ambike kapena kumatuka, komanso cha glaucoma (matenda owononga mtsempha woonera wa diso) ndi ng'ala yobwera msanga. Mwana amene wayamba ali ndi zaka 8 ali ndi zaka zambiri zoti afike kumeneko.

Achimwene anu sananame. Timagalasi tofewa tovala pa diso penipeni (ma contact lens), topangidwira ntchito imeneyi, tilipodi. Todziwika kwambiri ndi MiSight 1 day ta kampani ya CooperVision, tomwe bungwe loona za mankhwala la FDA la ku America linavomereza mu 2019 kwa ana oyamba kutivala ali ndi zaka 8 mpaka 12. Pakati pake mwana amaonera bwino monga m'magalasi wamba, koma m'mbali muli timizere tozungulira timene timagwetsera kuwala kwina kutsogolo kwa retina, ndipo zimenezi zimachititsa diso kuchepetsa liwiro la kutalika. Pa kafukufuku wa zaka zitatu, kukwera kwa mphamvu kunachepa ndi 59 peresenti poyerekeza ndi ana amene ankavala ma contact lens wamba. Koma mumvetse bwino: ndi ngati mabuleki a njinga potsetsereka, amachepetsa liwiro koma sabwezera njinga pamtunda. Mwana wanu sabwerera pa -1.50. Palinso ena olimba otchedwa ortho-k ovala usiku pogona, koma ameneŵa amafuna chisamaliro chachikulu zedi.

Chimene sindingavomereze n'choti achimwene agule n'kutumiza pa basi. Timagalasiti timafunika katswiri wa maso ayeze diso, amuveke mwana, aone mmene takhalira, amuphunzitse kuvala ndi kuvula, kenako azimuona miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Ndipo nkhani yaikulu kwathu kuno ndi madzi. M'madzi a pa mjigo, a pachitsime, ngakhale a pampopi, mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Acanthamoeba. Kakalowa pansi pa kagalasi kamadya khungu loonekera la kutsogolo kwa diso, ululu wake ndi woopsa ndipo chipsera chake chimatha kuchititsa khungu. Choncho m'maŵa uliwonse mwana asambe m'manja ndi sopo, apukute manja aume gwa ndi kansalu koyera, ndiye atsegule paketi yatsopano. Madzulo avule n'kutaya. Osasamba nato, osagona nato, osatinyowetsa ndi malovu. Muganizirenso fumbi la mu Okutobala ndi utsi wa kukhitchini. Diso likafiira, likamapweteka kapena kuopa kuwala, avule pomwepo ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Pa ndalama, ndi timagalasi pafupifupi 60 pa mwezi, kwa zaka zingapo osadukiza. Achimwene amve zimenezi asanalonjeze.

Ngati mukuona kuti simukwanitsa, musadzione olephera. Pali magalasi a m'maso opangidwa mwanjira yofanana, monga MiYOSMART a Hoya ndi Stellest a Essilor, omwe alibe chiopsezo cha matenda chija, ndipo kwa mwana wa kumudzi ine ndingayambire pamenepo. Palinso mankhwala odonthezera a atropine ochepa mphamvu kwambiri, a 0.01 mpaka 0.05 peresenti, olembedwa ndi dokotala wa maso. Musagule atropine wa 1 peresenti pa famase n'kumamuthira mwana.

Chaulere ndi kuwala kwa panja. Mwana azikhala kunja maola aŵiri pa tsiku, ngakhale pamthunzi. Ku Taiwan boma linayamba mu 2010 kulimbikitsa sukulu kutulutsa ana panja mphindi 120 tsiku lililonse, ndipo chiŵerengero cha ana osaona bwino chinayamba kutsika. Njirayi imagwira kwambiri poteteza ana amene vutoli silinawayambe, ndiye ganizirani azing'ono ake. Kuzizira kwa Dedza mu Juni ndi Julayi kumatsekera ana m'nyumba ndi foni m'manja. Avekeni majuzi atuluke. Poŵerenga, buku litalikirane ndi maso masentimita 30, ndipo pakatha mphindi 20 aziyang'anako kutali.

Kukwera kwa -1.00 pa chaka chimodzi n'kothamanga, choncho kufunika kutsimikiza. Diso la mwana limadzikunga poyezedwa, n'kuonetsa mphamvu yoposa yeniyeni. Pitani naye ku chipatala cha maso cha Nkhoma, chomwe sichili kutali ndi kwanuko, kapena ku Lions Sight First Eye Hospital pa Kamuzu Central ku Lilongwe, mukapemphe kuti amuyeze atamuthira kaye mankhwala opumitsa minofu ya m'diso. Tengani mapepala onse aŵiri, la chaka chatha ndi la mwezi watha, pamodzi ndi magalasi amene akuvala panopa.