Za kaboni zija, musagule kaye buku

Amai, ndaona funso lanu loti mwana wanu wa Giledi 11 wasokonezeka, akuti zingatheke bwanji daimondi ndi makala kukhala chinthu chimodzi, nde mukufuna buku labwino. Ine ndikuti buku liyambe ladikira, zoyambira muli nazo kale pakhomo.

Muikireni patebulo khala lozizira la pa mbaula, pensulo, ndi mwaye uja wa kunsi kwa poto. Chakuda chonsecho ndi kaboni, chizindikiro chake C, nambala ya atomu yake 6, kungoti m'makala mulinso phulusa ndipo m'pensulo amasakanizamo dongo. Chimasiyana ndi mmene maatomu agwiranirana basi. Liwu lake ndi allotropes, limenelo yekha aliloweze.

Mphwanga naye zinkamuvuta choncho mpaka tinakhala pakhonde kuumba timibulu ta dongo toimira maatomu nkumatilumikiza ndi timitengo ta machesi. Ya daimondi kambulu kalikonse kagwire tinzake 4 kumbali zonse, mukakankha ndi chala chonsecho chimakana pamodzi, ndichifukwa daimondi amadulira magalasi ndi kuboolera miyala. Ya graphite ija ya m'pensulo kalikonse kagwire 3 tokha, nkupanga timphete ta ngodya 6 tolumikizana chophwathalala, kenako musanjikize ngati mapepala a m'kope. Tinaumba awiri nkuwatsetsereka wina pamwamba pa mnzake, mwana anangoti ooo, kani pensulo ikamalemba ndi timapepala timeneti tikusiyika pa kope! Sanaiwalenso.

Nde poti atomu ya kaboni ili ndi maelekitironi 4 kunja, mu graphite atatu amagwira anzake, elekitironi imodzi nkutsala yoyendayenda, ndiyo imadutsitsa magetsi, pomwe mu daimondi onse ndi ogwidwa. Apa mpamene ana ambiri amagwa, amangoloweza kuti graphite imadutsitsa magetsi osadziwa chifukwa chake. Songolani pensulo yaifupi mbali zonse ziwiri, muilumikize ndi mabatire awiri a tochi ndi kababu, kayaka ngakhale mozimirira. Waya ndi babu mupeza pa msika wa Kapata.

Akafuna zoonjezera muuzeni za graphene, kapepala kamodzi kokha ka graphite. Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anakapatula mu 2004 ku Manchester pogwiritsa selotepi wamba, mu 2010 nkulandira mphoto ya Nobel. Zikalowa m'mutu izi ndiye mumupezere mapepala a mayeso akale a ECZ, bungwe la mayeso la ku Zambia, aziyeserera.

China ndikupempheni poti takamba za makala ndipo mu Juni ana amawerengera pa mbaula chifukwa cha mphepo. Asamatseke zitseko ndi mawindo onse chonde, makala akamayaka mopanda mpweya wokwanira amatulutsa carbon monoxide, sanunkha saoneka, munthu amangomva mutu ndi tulo. Akamapita kogona mbaula ituluke panja.