Funsani Mlembi: Buku la ku Chilwa lafika pati?

Amayi, ndi kalekale pamene munatiuza m'magazini ino kuti mukulemba nthano yaitali ya mayi wogulitsa matemba ku nyanja ya Chilwa. Mpaka lero kuli zii. Kodi bukulo lilipodi? Nanga poti ndinu mphunzitsi, mumalemba nthawi yanji?
*Bambo wa ku Area 25, Lilongwe*

Lilipo bambo, musataye mtima. Lili m'makope a hadikava amene ndimasunga m'katoni kunsi kwa bedi, ndipo mbali yaikulu ndinaitayipa kale pa laputopu. Nkhaniyi ikuchitika mu 1995, chaka chimene Chilwa inaphwa mpaka anthu kumapita wapansi pa chilumba cha Chisi. Mayi ameneyu moyo wake wonse unali pa doko la Kachulu: kupikula matemba kwa asodzi ochokera m'zimbowera (tinyumba toyandama pa nyanja), kuyanika, kukweza pa lole kupita nawo ku msika wa Zomba ndi ku Limbe. Madzi atauma, ngongole zake sizinaume nawo. Panopa ndili m'mitu yomaliza, pamene mwini ndalama wafika pakhomo ndipo mwana wamwamuna wa mayiyu akufuna kuwolokera ku Mozambique.

Ndimadzuka tambala woyamba, ana asanayambe kuitana. Ndimalembera pa tebulo lodyera, ndipo magetsi akathima ndimatsamiritsa foni pa kapu kuti tochi iwalire pa kope. Kukayamba kuyera ndimatseka, n'kukoleza mbaula ya madzi osamba ndi phala. Kusukulu za buku sindizikhudza n'komwe. Kuchonga makope kokha kumandimaliza. Madzulo mutu umakhala utatopa, ndiye ndimangotayipa zimene ndinalemba m'mawa, ntchito ya zala basi. Sabata imene pagwa zovuta m'dera lathu kapena kuli chinkhoswe cha wachibale ndimangoivomereza kuti yapita. Simungauze anamfedwa kuti pepani, ndili pa mutu 19.

Chimene chatenga nthawi kwambiri ndi kufufuza. 1995 imaoneka ngati dzana, koma dziko linali lina. Ku Kachulu kunalibe foni ya m'manja, wailesi ya kanema ya dziko lino inadzayamba mu 1999, ndipo uthenga wa maliro unkamveka pa MBC kapena wina ankaupalasira njinga. Munthu m'nkhani yanga akasowa, wasowadi, palibe womuimbira. Pa holide ndimapita kukakhala pansi ndi amayi amene anaiona nyanjayo ikuphwa, komanso kungoonerera malonda. Wogulitsa amathira matemba mopepuka kuti mbale idzaze msanga, wogula amaigwedeza kuti atsike, kenako mkangano wa basera umatenga nthawi kuposa wa mtengo weniweniwo. Zoterezi simungazipeke muli pa tebulo kwathu ku Matawale, mu Zomba.

Amayi, ine ndimagwira ntchito ya ulonda usiku kuno ku Johannesburg ndipo ndimalemba pa foni. Ndayamba nthano zazitali zitatu, koma iliyonse ikafika mutu wachinayi imafa. Kodi ndilibe luso?
*Mnyamata wa kwa Jali, amene ali ku Joni*

Mwanangu, luso lisiyeni kaye, tione mmene mumagwirira ntchito. Ndikuganiza kuti usiku uliwonse mumayamba kuwerenga kuchokera pa tsamba loyamba. Mwasintha dzina apa, mwakometsa chiganizo apo, mwachotsa ndime, mwaibwezeranso. Pofika pamene munalekezera dzulo, kwacha, abwana afika. Zili ngati mlimi amene m'mawa uliwonse amabwerera kukasalaza mzere woyamba, mvula n'kugwa munda usanafike n'pakati pomwe. Mutu woyamba wa anthu ambiri osamaliza mabuku umakhala wokongola zedi.

Ine ndimawerenga tsamba limodzi lokha, lomaliza la dzulo, n'kupitiriza. Ndikakumbukira kuti kumbuyo kuli cholakwika, ndimangolemba m'mphepete ndi cholembera chofiira: "mlamu uyu akhale wamkulu kwa mayiyu", "apa pakufunika fumbi, osati mvula". Zokonza zonse zidikire mpaka nkhani ithe. Ndiponso sindilekeza pamene maganizo athera. Ndimalekeza pakati pa mkangano, wina atatsegula kale pakamwa, kuti m'mawa ndisayambe ndi kuyang'ana kudenga.

Koma pali china chimene chimapha nkhani pa mutu wachinayi. Mitu itatu yoyamba imayenda yokha chifukwa mukungotionetsa anthu, mudzi ndi vuto. Zikatha zoonetsazo, pamafunika kuti mpangankhani wanu akhale ndi chinthu chimene akuchifuna mpaka kusowa tulo. Dzifunseni kuti akufuna chiyani, akumutsekereza ndani, ndipo akalephera ataya chiyani. Wanga uja akufuna kuwombola bwato la malemu mwamuna wake limene analipereka chikole, pa nthawi imene bwato lilibe ntchito chifukwa nyanja ndi matope okhaokha. Anthu akumuseka, iye sakusiya. Chimenecho ndicho chandikoka kudutsa pakati pa buku, pomwe pamakhala potopetsa kwa wina aliyense. Mathero ndinawadziwa ndisanafike n'komwe pa mutu wachisanu, ngakhale njira yokafikira kumeneko yakhala ikukhota.

Mwa zitatu zanuzo sankhani imodzi, ziwirizo zigone. Ndipo musamathamangire kuika mitu pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Anzanu akangoti "moto, bwana, tikudikira ina", mtima umakhuta ngati buku latuluka kale. Chomaliza, poti mumalemba pa foni, muzidzitumizira zolembazo pa imelo sabata iliyonse. Foni imabedwa, imagweranso m'madzi.

Aphunzitsi anga amati Chichewa chimene ndimalemba m'nkhani zanga n'chakumudzi. Ndisinthe?
*Mtsikana wa Fomu 4, Ntcheu*

Pa mayeso a MANEB mverani aphunzitsi anu. M'nthano, mawu a wofotokoza nkhani atsate malamulo a kalembedwe, ndipo mtanthauziramawu wa a Centre for Language Studies a ku Zomba, amene analowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, ukhale pafupi. Koma anthu a m'nkhani alekeni ayankhule monga amayankhulira kwawo. Ku Chilwa kumamveka Chinyanja chosakanikirana ndi Chilhomwe ndi Chiyao, ndipo msodzi wanga atayamba kuyankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi, ndingamuchotse m'bwato.

Ndamaliza buku langa koma ndikuopa kulipereka kwa osindikiza, angandibere. Nditani?
*Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre*

Choyamba, mwachita bwino kumaliza, mwandipitirira. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zimene mwalemba, ndipo bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso la COSOMA, limene lakhalapo kuyambira 1992, ndilo loyenera kulifunsa za umwini wa ntchito yanu. Sungani makope anu a pamanja ndi maimelo okhala ndi madeti. Kunena zoona, mantha a kuberedwa amaposa kuba kwenikweniko. Vuto lalikulu n'lakuti osindikiza ambiri kuno amadalira mabuku a sukulu, poti ndiwo ali ndi msika wodziwika, choncho nthano yaitali ya munthu wosadziwika imatha kukhala pa shelefu nthawi yaitali osayankhidwa.

Mukasankha kudzisindikizira nokha, nambala ya ISBN, yomwe ndi yozindikiritsa buku, imatengedwa ku National Archives ku Zomba, komwenso mumayenera kukasiya buku likatuluka. Pezani mkonzi amene si mnzanu wapamtima. Kwa osindikiza musalipire ndalama zonse musanaone buku limodzi lachitsanzo, ndipo muliwerenge tsamba ndi tsamba, chifukwa masamba amatha kusemphana kapena kutuluka mozondoka. A Malawi Writers Union angakulumikizeni ndi anzanu amene anadutsamo kale.

Langali likatha, lisanapite kwa mkonzi, ndikufuna ndikaliwerenge mokweza ku Kachulu pamaso pa amayi aja, mutu umodzi umodzi. Pamene adzayambe kucheza zawo ine ndili pakati powerenga, ndidzaikapo chizindikiro chofiira. Mitu yotsalayo ndikufuna ithe teremu ikubwerayi isanatsegulidwe, poti ikangotsegulidwa kuli masikimu ndi mayeso oyeserera a Sitandade 8.