Chilonda cha m'kamwa chosapola: bwanji nyuzipepala sizinena?

Mayi wina wa ku Ngabu wanditumizira imelo. Akuti amayi ake ali ndi chilonda kunsi kwa lilime, miyezi iwiri tsopano osapola, ndipo fodya woika m'kamwa anayamba ali mtsikana. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi khansa ya m'kamwa iliko kuno? Nanga bwanji sitiiwerenga m'nyuzipepala ngati ya khomo la chiberekero?"

Mayi, iliko. Kukhala chete kwa nyuzipepala musakutenge ngati umboni woti kulibe.

Atolankhani amatsata kalendala. Pa 4 February amalemba za tsiku la khansa, mu October za khansa ya m'mawere. Khansa ya khomo la chiberekero imamveka kwambiri chifukwa ikupha amayi ambiri m'dziko muno, komanso ili ndi katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, amene atsikana amabayitsa, ndiye pamakhala mwambo, nduna ndi chithunzi. Ya m'kamwa ilibe woiyimbira ng'oma. Kuno ku Chigwa cha Shire ndiye kaya, atolankhani ambiri amatsika mapiri a Thabwa madzi akasefukira, monga nthawi ya namondwe Freddy mu 2023.

Chimene chimandinyansa ine ndi nkhani za fodya. Msika ukatsegulidwa ku Limbe timawerenga tsiku ndi tsiku za madola pa kilogalamu. Pa 31 May, tsiku lolimbana ndi kusuta, ajambula ndudu ndi mapapo. Ndiye agogo amene sasuta amati izi nzosawakhudza, pamene kabotolo kawo kali m'nsonga ya chitenje, akatsina pang'ono n'kuika kuseri kwa mlomo mpaka nkhama kuda. Pamalo pomwe fodyayo amakhalapo ndi pomwe khansa imatha kuyambira. Ukaphatikizapo kachasu, chiopsezo chimakula zedi.

Ikalembedwa nkhani ya khansa ya m'kamwa, kawirikawiri imakhala ya munthu amene chibwano chatupa kale, akupempha thandizo kwa akufuna kwabwino. Wowerenga amangogwira pakamwa, n'kumaganiza kuti khansa imaoneka choncho. Chonsecho poyamba imakhala kachilonda wamba, nthawi zina kosapweteka n'komwe, kapena kachigamba koyera kapena kofiira kosachoka ukapukuta, dzino kugwedezeka popanda chifukwa, kapenanso chotupa m'khosi. Izi ndi zomwe zikanayenera kumamveka pa wailesi ya Nyanthepa ndi m'masamba achichewa ngati Tamvani ndi Tikambe.

Sindikunena kuti amayi anu ali ndi khansa. Dzino lothyoka lokhula lilime limachititsanso chilonda. Koma chilonda cha m'kamwa chikadutsa masabata atatu osapola chimafunika kuonedwa ndi achipatala, ndipo miyezi iwiri yakwana. Pitani nawo sabata ino, pemphani kuti akaonedwe ndi a mano ku chipatala cha boma ku Chikwawa, ndipo za fodyazo mukanene osabisa. Akakayikira adzawatumiza ku Queens, ku Blantyre, kukadula kanyama kochepa kuti akapime. Akakupatsani mapilitsi koma chilonda osasintha, bwererani ndi buku lawo la kuchipatala mukafunse za kalata yowatumiza ku Queens.