Akhonsolo akalemba X pakhoma la nyumba yanu

Achimwene, poti akhonsolo alemba X pakhoma la nyumba yomwe mukumanga, kusonyeza kuti akufuna kuigumula, imitsani kaye amisiri lero lomwe, kenako tengani kalata yomwe akhonsolowo akupatsani mukachite apilo masiku omwe alembamo asanathe. Musadalire zoti malowo anakupatsani ndi amfumu, kalata ya mfumu siilowa mmalo mwa pulani yovomerezedwa ndi khonsolo, lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna chilolezo musanakumbe maziko mtauni. Neba wathu anapitiriza kukhoma malata usiku atamulembera kale X wofiira pakhoma, buludoza itabwera sanapulumutse ngakhale chitseko, zinandimvetsa chisoni kwambiri. Ngati tsiku logumula layandikira thamangirani kwa loya akakutengereni injakishoni, chiletso cha khoti choimitsa kugumulako, ku High Court, ndalama zikavuta a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osowa ndalama zolipira loya, alipo. Mutenge malisiti onse ndi mapepala a malowo.