Mwana wanga salemba ndikapanda kukhala pambali pake

FUNSO

Alangizi, ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 11 amene ali mu Sitandade 5. Aphunzitsi ake akuti nzeru ali nazo, koma maganizo ake sakhazikika m'kalasi, ndipo makope ake adzaza ndi ntchito zosamaliza. Kunyumba salemba pokhapokha ine nditakhala pambali pake, moti ndikangotuluka kukaona ndiwo pamoto ndimamupeza akujambula galimoto pachikuto cha kope. Nthawi zambiri ndimatopa n'kungomuuza mayankho kuti tikagone. Bambo ake akuti mankhwala ake ndi chikwapu basi. Kodi nditani?

Mayi wodandaula, Balaka

YANKHO

Mayi, tisanamutche mwanayu waulesi, tiyambe taona za thupi lake. Mwana amene wapita kusukulu osalawa kanthu sangamvetsere kufikira masana, ndipo n'chifukwa chake mabungwe monga Mary's Meals amaphika phala m'sukulu zambiri za m'dziko muno. Likodzo, njoka za m'mimba ndi kuchepa kwa magazi zimafooketsa mwana mwakachetechete, ndipo zonsezi achipatala amazipima n'kupereka mankhwala. Mufunseninso ngati amaona bwino zolembedwa pabolodi ali pamalo pamene amakhala, komanso muone nthawi imene amagona, pakuti mwana wa msinkhu umenewu amafunika kugona maola 9 mpaka 12 usiku uliwonse.

Kalasi imene alimo nayonso ili ndi zake. M'sukulu zambiri za boma, Sitandade 5 ndi pamene Chingerezi chimatenga malo aakulu, kotero kuti mwana amene ankatsatira bwino pamene aphunzitsi ankafotokoza m'Chichewa amapezeka kuti mawu akungomudutsa, ndipo amene sakumva zimene zikunenedwa sangachitire mwina koma kuyang'ana kunja. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, kalasi ya ana opitirira 100 si yachilendo, ndipo mphunzitsi mmodzi sangathe kuzindikira msanga kuti mwana wakutiwakuti wasokera. Tsiku lina mupatseni ndime yaifupi ya m'buku lake la sayansi kuti aiwerenge mokweza, kenako akuuzeni m'Chichewa zimene wamva. Ngati akuwerenga bwinobwino koma akulephera kufotokoza, ndiye kuti vuto lagona pa chilankhulo, ndipo aphunzitsi ake ayenera kudziwa zimenezi.

Komabe mawu amene ndaima nawo kwambiri m'kalata yanu ndi akuti mumamuuza mayankho kuti mukagone. Sindikukudzudzulani, chifukwa aliyense amene watha tsiku akugwira ntchito amadziwa kutopa kwake, koma mwanayu waphunzirapo kanthu: wazindikira kuti akangodekha, kutafuna cholembera ndi kuyasamula kangapo, yankho libwera lokha. Choipa china n'chakuti kope lopanda cholakwika limanamiza aphunzitsi, amene amachonga zonse n'kupitirira ndi mutu wina poganiza kuti mwana wamva. Zaka zitatu zikubwerazi adzakhala m'chipinda cholembera mayeso a PSLCE a bungwe la MANEB, ndipo m'menemo simudzaloledwa kulowa.

Muchite monga amachitira wophunzitsa mwana kupalasa njinga, amene amagwira kaliyala poyamba, kenako n'kumasiya pang'onopang'ono. Gwirizanani naye za nthawi imodzi ndi malo amodzi tsiku lililonse, makamaka kusanade, atadya ndi kusewerako, wailesi itazimitsidwa ndipo foni ili kutali. Musamuuze kuti "kawerenge", chifukwa kwa mwana wa zaka 11 ntchito yotere ilibe poyambira ndiponso ilibe pothera. Muuzeni kuti alembe masamu atatu oyambirira ndipo akamaliza abwere nawo kukhitchini, inu n'kunyamuka ndithu. Mphindi 10 kapena 15 n'zokwanira pachiyambi, ndipo zidzatalika zokha iye akamazolowera kukoma komaliza chinthu. Akabwera akunena kuti zamukanika, mufunseni kuti funso likufuna chiyani, wafika pati, ndiponso ngati m'kope mulibe chitsanzo chofanana nacho chimene aphunzitsi analemba pabolodi. Akalakwitsa atayesetsa, zisiyeni choncho kuti aphunzitsi aone pamene pakuvuta. Ndikudziwa kuti n'zowawa kuona mizere yofiira m'kope la mwana wako, koma mizere imeneyo ndi imene imamubweretsera thandizo.

Pa nkhani ya kawerengedwe, ana ambiri amangoyendetsa maso pa manotsi kangapo n'kumaganiza kuti alowa m'mutu. Katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kale mu 1885 kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri atangophunzira kumene, ndiponso kuti kubwereza mopatula masiku kumathandiza kuposa kuunjika zonse nthawi imodzi. Choncho mwanayu azitseka kope n'kunena kapena kulemba zimene akukumbukira, kenako n'kutsegula kuti aone zimene wasiya. Abwerezenso mawa lake, ndiponso pakatha sabata. Njira imeneyi imaoneka yovuta kuposa kungowerenga, ndipo adzadandaula nayo, koma zimene wadzikumbutsa yekha zimakhalitsa. Ubwino wake n'ngwakuti kholo silifunika kudziwa Chingerezi kapena sayansi kuti lifunse kuti, "Lero mwaphunzira chiyani? Tandiphunzitsa inenso."

Kudziimira payekha kumayambira pa tizinthu ting'onoting'ono. Azilongedza yekha makope madzulo poyang'ana ndandanda ya maphunziro a mawa lake, ndipo akaiwala kope musathamange nalo kusukulu, kuti akayankhe yekha kwa aphunzitsi.

Za chikwapu sindigwirizana nazo. Mwana womenyedwa amakhaladi pansi, koma maganizo ake amakhala pa dzanja la bambo, ndipo amaphunzira kubisa zimene sakudziwa m'malo mofunsa. Bambo akewo akhoza kuthandiza kwambiri atamakhala naye Loweruka lililonse kuti awafotokozere zimene waphunzira m'sabatamo, n'kumuyamikira pa ntchito imene wamaliza yekha ngakhale itakhala ndi zolakwika. Galimoto za pachikutozo musazinyoze, pakuti mwana amene angathe kujambula matayala ndi magalasi mosamala akusonyeza kuti kuika mtima pa chinthu amakutha. Mugulireni kope lina lojambulamo, loti azilitsegula akamaliza masamu.

Yesani zimenezi kwa teremu yathunthu mukudziwitsana ndi aphunzitsi ake. Ngati sipakhala kusintha, ndipo mukuona kuti kusakhazikikako kuli paliponse, kusukulu, kunyumba ndi kutchalitchi komwe, ndiponso kuti kunayamba ali wamng'ono, pitani naye kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu kuti akamuone ngati ali ndi vuto lotchedwa ADHD, lomwe limachititsa mwana kulephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kapena vuto lina la kaphunziridwe. Popita mutenge makope ake ndi kalata yaifupi ya aphunzitsi yofotokoza zimene amaona m'kalasi.