Funsani Dokotala: Akufuna magazi a mwana wanga ati ni kafukufuku, ndivomere?

Funso: Adokotala, ndine mai wa ku Katete. Pa kiliniki yathu pabwera anthu a kafukufuku wa malungo, akufuna kutenga magazi a mwana wanga ndipo ati azitipatsa ya thiransipoti. Apongozi akana, ati ni zausatana, atisandutsa mbewa zoyeserapo mankhwala. Nanga ndikakana sadzatimana mankhwala?

Yankho: Amai, mukakana palibe nasi olo dokotala amene angakumaneni mankhwala, mwana adzathandizidwa monga kale. Olo mutasaina fomu yovomereza lero, mawa mutha kutulukamo osapereka chifukwa.

Apongozi anu musawaseke ai. Zausatana palibe, magaziwo amakhala ochepa chabe ndipo amapita ku labu, koma kuchenjera kwawo n'kwabwino chifukwa anthu anazunzidwapo ndithu. Ku Tuskegee ku America, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda 399 odwala chindoko anangosiyidwa osachiritsidwa kuti madokotala aone mmene matendawo amawonongera thupi, olo pamene penicillin, mankhwala ochiza chindoko, anayamba kupezeka m'zaka za m'ma 1940, ndipo eni akewo sanauzidwe n'komwe chimene amadwala. Ine nkhani imeneyi imandiwawa mpaka pano.

Manje malamulo alipo. Kuno ku Zambia lamulo la 2013 linakhazikitsa National Health Research Authority, ndipo kafukufuku aliyense wokhudza anthu ayenera kuyamba wavomerezedwa ndi komiti yoteteza otenga mbali, monga ija ya ku yunivesite ya UNZA. Afunseni a kafukufukuwo akuonetseni kalata ya chilolezo ya komitiyo. Fomu akuwerengereni m'Chinyanja, ndipo ngati simuwerenga pakhale mboni musanadinde chala. Funsani kuti magazi apita kuti, asungidwa mpaka liti, pali mankhwala oyesera kapena ai, mwana akadwala chifukwa cha zimenezi alipira ndani. Akayamba kukuthamangitsani kuti sainani msanga, nyamukani muzipita.

Ya thiransipoti ni yobweza zomwe mwawononga panjira, isakhale nyambo. Ikakula mpaka munthu n'kuiwala kufunsa, pamenepo pavuta.

Za mbewa, n'zoona mankhwala atsopano amayamba kuyesedwa pa nyama asanafike kwa munthu, ndipo nakonso ofufuza amayenera kugwiritsa ntchito nyama zochepa, kuzichepetsera ululu, ndi kuzisiya ngati pali njira ina. Kusiyana kwake n'kwakuti mbewa siifunsidwa, inu muyenera kufunsidwa.

Tengani fomuyo mupite nayo kunyumba, muwerenge ndi atate a mwana, apongozinso akafuna apite nanu akadzifunsire okha.