Mukalandira masamoni ku Joni, musathawe khoti

Ndikulemba ndili kwathu kuno ku Salima, komwe ndinabwerera nditagwira ntchito nthawi yaitali ku South Africa. Ndikulembera inu ana athu amene mwangofikako kumene, a ku Senga Bay, a ku Chipoka, a kwa Khombedza, ndi anzanu a ku Nkhotakota amene munakwera nawo basi imodzi kudzera pa Dedza. Makolo anu amabwera kwa ine nkhope zili zakugwa, foni ili m'manja, n'kumati mwana wapatsidwa pepala ndi apolisi ndiye akufuna kusamuka komwe akukhala usiku womwe uno. Ine yankho langa limakhala limodzi nthawi zonse: asasamuke, awerenge pepalalo, ndipo tsiku likakwana apite kukhoti.

Milandu yake simakhala ya kuba kapena kupha ayi. Ndi ya Loweruka, anthu atalandira. Mwakumana apachibale, wailesi ili pamwamba mpaka pakati pa usiku, aneba aimbira apolisi. Wina wagwidwa akumwa pamsewu, wina akutaya madzi pakhoma la sitolo. Ngakhale inu amene simulawa mowa musadzione ngati otetezeka, chifukwa kukokanakokana pa nkhani ya lendi kapena ngongole kumathera komweko. Mizinda ngati Johannesburg, Durban ndi Cape Town ili ndi malamulo akeake oletsa phokoso ndi chisokonezo pamalo a anthu onse, ndipo ili ndi apolisi ake a Metro owonjezera pa apolisi a boma. Chimene chimakulitsa nkhani kawirikawiri ndi pakamwa. Mukatukwana wapolisi kapena mnzanu pagulu, akhoza kukutsegulirani mlandu wina wonyoza ulemu wa munthu, wotchedwa crimen injuria, ndipo umenewo ndi wolemerapo.

Mapepala ake alipo awiri, onse ochokera m'lamulo la Criminal Procedure Act la 1977. Loyamba ndi J534, limene wapolisi amakulemberani pompopompo. Lachiwiri ndi masamoni enieni, J175, ochokera kwa kalaliki wa khoti, amene ayenera kukufikani kutatsala masiku osachepera 14 kuti mlandu ulowe, osawerengera Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Pa onse awiri pamalembedwa dzina lanu, mlandu wanu, khoti lake ndi tsiku. Onetsetsani kuti dzinalo likufanana ndi la m'pasipoti. Pepalalo lijambuleni pa foni, chifukwa m'zipinda zogona anthu asanu mapepala sachedwa kusowa.

Mukapanda kupita, woweruza amatulutsa chikalata choti mumangidwe. Kujomba kokhako ndi mlandu pawokha, wa chindapusa chofika R300 kapena miyezi itatu m'ndende, ndipo mlandu woyamba uja umakhala ukudikirabe. Akuluakulu anati mlandu suwola. Mudzaiwala inu, koma tsiku lina apolisi adzakuimitsani pa zifukwa zina, n'kupeza dzina lanu. Nthawi imeneyo simulowanso m'khoti kudzera pakhomo la anthu onse, mumachokera m'chitokosi, ndipo kupempha belo kumavuta chifukwa mwaonetsa kale kuti ndinu munthu wothawa.

Pali chinthu china chimene chimakola anthu ambiri. Papepalapo nthawi zina amalembapo ndalama yoti mukalipira tsiku lisanafike, simufunikanso kukaonekera. Zimaoneka zophweka, ndipo bwana wanu adzakuuzani kuti ingolipirani mubwere kuntchito. Koma ndalama imeneyo ndi chindapusa chovomera kulakwa. Malamulo amakutengani ngati munthu amene khoti lamupeza wolakwa, ndipo dzina lanu likhoza kulowa m'kaundula wa anthu opalamula, makamaka ngati anakudindani zala. Mudzazindikira kuwawa kwake tsiku limene mudzafune kalata ya apolisi yokuyeretsani, pofunsira ntchito yabwinoko kapena chilolezo chokhalira m'dzikomo. Nthawi zambiri pamafunika zaka 10 kuti munthu apemphe dzina lake lifufutidwe. Sindikunena kuti kulipira n'kolakwika nthawi zonse. Ngati munalakwadi ndipo umboni ulipo, mwina ndiyo njira yachidule. Koma funsani kaye loya, ndipo mukalipira, kalipireni kupolisi kapena kwa kalaliki wa khoti, mulandire lisiti. Ndalama yopatsira wapolisi m'manja pamsewu ndi chiphuphu, ndipo siitseka mlandu uliwonse.

Ndikudziwa chimene chimakuopsani kwenikweni. Mmalawi amapatsidwa masiku 30 polowa m'dzikomo, ndipo ambiri a inu masikuwo anatha kalekale. Mukuopa kuti mukaponda pakhoti, nkhani ya phokoso isanduka nkhani ya mapepala, kenako Lindela, malo osungirako obwera oyembekezera kubwezedwa kwawo ku Krugersdorp kuja, kenako basi yobwerera kumudzi chimanjamanja. Sindikunamizani, zimenezo zimachitika, chifukwa kukhala m'dzikomo masiku atatha ndi mlandu pansi pa Immigration Act ya 2002. Koma kubisala sikuchotsa vutolo, kumangoonjezera lachiwiri pamwamba pake. Chimene mungachite ndi kupita ku Legal Aid South Africa tsiku la mlandu lisanafike. Ndi maloya olipidwa ndi boma, amathandiza osauka mwaulere, ndipo pa milandu yaupandu amathandizanso obwera. Muuzeni loyayo zonse, za mapepala zomwe, osabisa kanthu. Iyeyo ndiye angakuuzeni choyenera kuchita, osati mnzanu wa pashabini kapena anthu oima panja pa khoti onena kuti amadziwana ndi akuluakulu a m'katimo. Amenewo adzakudyerani ndalama basi.

Tsikulo likafika, lawirirani. Makhoti a majisitireti amayamba cha m'ma 9 koloko, koma inu mufike isanakwane hafu pasiti eyiti kuti mupeze chipinda chake ndi kudzionetsa kwa woimira boma pa milandu. Valani ngati mukupita kutchalitchi kapena ku Juma. Zimitsani foni. Pemphani tsiku lonse kuntchito, chifukwa mukhoza kukhala pabenchi mpaka madzulo dzina lanu lisanaitanidwe, ndipo musatuluke kukagula chakudya osauza munthu. Woweruza akamalowa onse amaimirira, ndipo polankhula naye amati Your Worship.

Apa ndiye mundimvetsetse, ana anga. Pemphani womasulira. Gawo 35 la malamulo aakulu a dzikolo limapatsa aliyense woimbidwa mlandu ufulu woti mlandu wake uyende m'chilankhulo chimene akumva, kapena amumasulire, ndipo silinena kuti nzika zokha. Nenani kuti mukufuna Chichewa, ena kumeneko amachidziwa ndi dzina loti Chinyanja, kapena Chiyao ngati ndicho chanu. Chingerezi chogulira buledi ndi Chizulu cha m'takisi sizokwanira pamene akukuwerengerani mlandu. Ife a kunyanja tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula uziti inde, ndipo ulemu umenewo wamangitsa anthu amene anavomera zinthu zimene sanazimve. Womasulira akasowa tsiku limenelo mlandu amauimitsa kaye, ndipo kutaya tsiku lina la ganyu n'kopweteka, komabe dikirani. Akakufunsani ngati mukuvomera kapena kukana mlandu, muli ndi ufulu wonena kuti mukufuna kuonana kaye ndi loya. Musakangane ndi wapolisi amene akupereka umboni, nthawi yanu yomufunsa mafunso idzafika.

Milandu ing'onoing'ono ngati iyi kawirikawiri imathera pa chindapusa kapena chenjezo, ndipo ina woimira boma amaichotsa umboni ukaperewera kapena odandaula akagwirizana nanu. Koma si nthawi zonse imatha tsiku loyamba. Akakupatsani tsiku lina, lilembeni musanatuluke pakhomo, ndipo mutumize uthenga kwa m'bale mmodzi kumudzi kuno ndi wina kumeneko kuti azikukumbutsani. Kujomba tsiku lachiwirilo kuli ndi chilango ngati kujomba loyamba. Mlandu ukatha, funsani kalaliki nambala yake ndi mmene wathera, musunge pamodzi ndi lisiti ndi pasipoti yanu.